Bondo ndi phewa zikavulala pabwalo la mpira

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

 Moni kwa inu a kwa Mposa, kuyambira kugombe la nyanja ya Chilwa mpaka m'tsinde mwa mapiri a Chikala. Moni a ku Liwonde, a ku Ntaja, a ku Ulongwe ndi a pa Balaka. Makolo, ngati pakhomo panu pali mnyamata kapena mtsikana wosewera mpira, muitaneni akhale pafupi ndi wailesi. Aphunzitsi a matimu, oyimbira mpira, ndi inu amene mumathamangira m'bwalo ndi chigubu cha madzi wina akagwa, nkhani ya lero ndi yanu kwambiri. Tikukamba za bondo ndi phewa.

Mpunga ukakololedwa, madambo n'kuuma, mpira umafika pachimake kuno kwathu. Ndi nyengo ya zikho ndi mabonanza, midzi ikulimbirana mbuzi, mayunifomu kapena ndalama. Ndi nyengo yomweyonso imene nthaka ya pabwalo imauma gwa, ming'alu ili yasa, mapazi a ng'ombe zimene zinaponda nthawi ya matope ataumira pomwepo. Wina wavala jombo, mnzake ali chosavala. Pabwalo lotere zimene nditi ndinenezi mwazionapo ndi maso anu.

Mnyamata akuthamanga ndi mpira, akufuna kumudyetsa njomba mnzake. Phazi laponda n'kukakamira pansi, thupi latembenuka, bondo lapindikira mkati. Palibe amene wamugunda. Iye yekha wamva kuti thu! m'kati mwa bondo, ndipo wagwa. Anzake afika. Wina wagwira chidendene, wina wagwira m'chiuno, ayamba kukoka kuti mtsempha ubwerere m'malo mwake. Ochemerera akukuwa kuti, "Dzuka iwe, ndiwe mwamuna!" Wadzuka, watsimphina pang'ono, wayesa kuthamanga, bondo lamugonja, wagwanso. Madzulo kunyumba agogo atereka madzi, amuthowa ndi kansalu mpaka khungu kufiira. Kukacha bondo lakula kuposa linzake, ndipo wina wabwera ndi lumo kuti amutemere mphini.

Anthu onsewa amamukonda mnyamatayu. Palibe amene akumufunira zoipa. Koma kuyambira pa kukoka kuja mpaka pa lumo, chilichonse chawonjezera vuto, ndipo zimandipweteka mtima chifukwa zambiri mwa zoyenera kuchita sizilira ndalama.

Tiyeni tione kaye m'kati mwa bondo. Pamenepa pamakumana fupa la ntchafu ndi fupa la msongolo, ndipo kutsogolo kuli kafupa kozungulira kamene mumakagwira ndi dzanja. Mafupa awiri akuluwa amamangidwa ndi mitsempha inayi yolimba: umodzi mbali ya mkati, wina mbali ya kunja, ndipo iwiri ili pakatikati, yopingasana. Wakutsogolo mwa iwiriyi ndi umene madokotala amautcha ACL. Ntchito yake ndi kuletsa fupa la msongolo kuti lisaterereke kupita kutsogolo kapena kupotoka munthu akamatembenuka. Pakati pa mafupawo palinso tizidutswa tiwiri ta chicherewecherewe, timene timagwira ntchito ya nkhata: monga mayi amaika nkhata pamutu kuti ndowa isamuphwanye liwombo, itonso timalandira kulemera kwa thupi kuti fupa lisakhulane ndi fupa linzake.

Mtsempha wa mbali ya mkati ukatamuka kapena kung'ambika pang'ono, nthawi zambiri umapola wokha pa masabata angapo, bola munthu aupumitse. Koma ACL ikaduka, kawirikawiri silumikizananso yokha, ndipo kuikoka sikungaibwezere. Zizindikiro zake zigwireni bwino. Munthu amamva kuphulika m'bondo. Bondo limatupa msanga, pasanathe maola awiri kapena atatu, chifukwa magazi akukhetsekera m'kati. Ndipo akayesa kuima, amaona ngati mwendo si wake, ukumuthawa. Bondo lotupa tsiku lomwelo musalitche kubinya wamba. Kukakhala kuti kang'ambika ndi kankhata kaja, kutupa kumabwera mochedwerapo, mwina m'mawa mwake, ndipo nthawi zina bondo limakakamira: osawongoka bwinobwino, osapindika bwinobwino, ngati pali chimene chatsekereza.

Nanga pabwalo pomwepo tichite chiyani? Choyamba, mpira wake watha tsiku limenelo. Aphunzitsi, mawu amenewa atuluke pakamwa panu, chifukwa mnyamata payekha sanganene, akuopa kusekedwa. Munyamuleni anthu awiri, asaponde. Pezani chozizira. Kumudzi ayisi ndi wosowa, koma pabwalo sipalephera mayi wogulitsa mafirizesi m'kabokosi kake. Gulani atatu kapena anayi, akulungeni m'kansalu kuti asakhudze khungu mwachindunji, muike pabondo kwa mphindi 15 kapena 20. Ngati palibe, nsalu yoviika m'madzi ozizira a mumtsuko ithandizako. Kenako mangani bondolo ndi bandeji kapena chitenje, molimba pang'ono koma osati mpaka zala zakuphazi kuchita dzanzi. Akagona, mwendo ukhale pamwamba, mutautsamiritsa pa thumba kapena pa bulangete lopinda.

Masiku awiri kapena atatu oyambawo, musathowe ndi madzi otentha ndipo musasisite. Kutentha kumatsegula njira za magazi, ndiye pamene pakukha kale magazi mukuwonjezera kutupa. Mowa umachitanso chimodzimodzi. Za mphini ndinene mosabisa: pansi pa khungu la bondo pali mfundo yodzaza magazi, ndipo tizilombo tikalowa m'menemo kudzera pa bala la lumo, mafinya angathe kudya chicherewecherewe m'masiku ochepa, bondo n'kuuma moyo wonse. Ulemu kwa akuluakulu athu ulipo, koma bondo lotupa lisaone lumo.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka musadikire n'komwe kuti kuche. Ngati munthu sangathe kuponda n'kuyenda mapazi anayi, ngati mwendo wapindika mosakhala bwino, ngati sangathe kuukweza uli wowongoka, fupa lingakhale litathyoka kapena mtsempha waukulu wa kutsogolo utaduka. Ngati phazi lazizira, latuwa, kapena lachita dzanzi, ndiye kuti njira ya magazi kuseri kwa bondo yavulala, ndipo pamenepa maola ochepa ndi amene amasiyanitsa kupulumutsa mwendo ndi kuudula. Mangirirani mwendowo ku thabwa kapena nsungwi mmene uliri, osauwongola, mupeze galimoto.

(Nyimbo pang'ono)

Tsopano njira ya kuchipatala. Inu a kwa Mposa, yambirani pa chipatala chanu chaching'ono, buku la kuchipatala lili m'manja. Akaona kuti nkhaniyi yawakulira, akulemberani kalata yopita ku chipatala cha boma la Machinga, chimene chili ku Liwonde. A ku Balaka muli ndi chanu pa boma. Kumeneko funsani kwa a mafupa. Anthu amene mukawapeze kumeneko ali ndi mbiri imene Amalawi tiyenera kuidziwa. M'chaka cha 1985, dokotala wa mafupa wa ku Canada, Edward Blair, ataona kuti madokotala a mafupa m'dziko muno ndi ochepetsetsa, anayambitsa ku Blantyre maphunziro a miyezi 18 ophunzitsa azachipatala athu omwe kuwongola mafupa, kubwezera ziwalo zoguluka ndi kuika chikhakha. Pofika 2008, Pulofesa Nyengo Mkandawire ndi anzake analemba kuti ophunzitsidwa motere anali atakwana 117, pamene madokotala a opaleshoni ya mafupa m'dziko lonse anali 9 okha. Ntchito yaikulu ya mafupa m'maboma imagwiridwa ndi anthu amenewa. Akaona kuti pakufunika opaleshoni, ndi iwo amene amakutumizani ku Zomba Central, ku Queen Elizabeth, kapena ku LION, chipatala cha mafupa ndi ubongo chimene chinatsegulidwa mu 2023 pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Ana olumala mafupa amathandizidwanso ku Beit CURE ku Blantyre, chimene chakhala chikugwira ntchito kuyambira 2002.

Apa ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chimene chimasocheretsa ambiri. Munthu amajambulidwa X-ray, n'kuuzidwa kuti fupa silinathyoke, ndipo amabwerera kumudzi akusangalala kuti palibe vuto. X-ray imaonetsa mafupa basi. Mtsempha woduka kapena kankhata kong'ambika siziwoneka pamenepo. Zimenezi wa mafupa amazidziwa pogwira bondo ndi manja, kulikankha uku ndi uku, ndipo nthawi zambiri amazimva bwino kutupa kukatsika. Choncho akati mubwerenso pakatha masabata awiri, bwererani, ngakhale ululu utachepa. Muuzeni zonse: munagwa bwanji, munamva kuphulika kapena ayi, linatupa nthawi yanji.

Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, bondo loduka ACL limaphwa, ululu umatha, munthu amayenda bwinobwino, amapalasa njinga, amapita kudimba. Apa ndi pamene anyamata athu ambiri amatayikira. Timu yafika mu ndime yachibwereza, akomiti abwera kunyumba kudzapempha makolo, mnyamata wameza mabulufeni awiri, wamanga bandeji, walowa. Pa njomba yoyamba bondo lagonjanso. Nthawi iliyonse likagonja chotere, mafupa amatererekerana n'kutafuna kankhata kaja. Wachinyamata wa zaka 22 amadzafika zaka 35 ali ndi nyamakazi ya m'bondo, osatha kunjuta m'munda wa mpunga, osatha kusenza thumba. Chikho chimene anafera chija anthu anachiiwala kalekale.

Tamverani za Mwai Kumwenda, mwana wa ku Mzimba, amene anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015. Mu 2018, akusewerera timu ya Melbourne Vixens ku Australia, ACL yake inaduka. Anachitidwa opaleshoni, ndipo anali m'manja mwa akatswiri, ndi zipangizo zonse zimene dziko lolemera lingapereke. Komabe anakhala kunja kwa bwalo pafupifupi chaka chathunthu. Mpikisano wa dziko lonse wa 2019 ku Liverpool unamudutsa, ma Queens, timu ya dziko lathu, anapita opanda iye. Atabwerera anabwerera wamphumphu: mu 2020 Vixens inatenga ligi ya ku Australia, ndipo wosewera wopambana pa masewero omaliza anali iyeyo. Achimwene ndi achemwali, ngati Mwai anadikira chaka ali ndi zonse zija, inu amene mukufuna kulowa m'bwalo patatha masabata atatu mukudalira chiyani? Madokotala amati ngakhale opaleshoni itayenda bwino, miyezi 9 ndiyo yochepetsetsa munthu asanabwerere ku mpira.

Si aliyense woduka ACL amene amafunika opaleshoni. Ambiri amayenda, kulima ndi kupalasa njinga popanda vuto ngati minofu ya ntchafu yalimbitsidwa mokwanira kuti igwire ntchito imene mtsempha unkagwira. Mankhwala ake enieni ndi mafizo, ndipo mafizo ambiri amachitika pamkeka. Pakadutsa masiku awiri kapena atatu oyamba aja, bondo lisangogonekedwa, chifukwa limauma ndipo ntchafu imafota msanga. Khalani pansi mwendo uli wowongoka, limbitsani ntchafu ngati mukukanikizira kuseri kwa bondo pamkeka, werengani mpaka 10, masulani. Gonani chagada, kwezani mwendo wowongoka pang'ono, tsitsani mosathamanga. Kokerani chidendene kumatako pang'onopang'ono, n'kuwongolanso. Chitani kangapo pa tsiku. Pambuyo pake mudzayamba kudzuka pampando osagwira ndi manja, kenako kuima ndi mwendo umodzi, kenako kupalasa njinga pamalo osakwera. Bondo likatupa m'mawa mwake, ndiye kuti dzulo munapyola muyeso, bwererani m'mbuyo pang'ono. A mafizo kuchipatala akupimeni ndi kukuuzani nthawi yowonjezera. Ndipo musanaganize za mpira, yesani kudumpha ndi mwendo wovulalawo wokha: ngati sufika pamene unzake ukufika, kapena mtima ukuchita mantha potera, nthawi sinakwane.

Za mankhwala opha ululu ndingonena mwachidule. Panado ndi wokwanira nthawi zambiri. Bulufeni ndi anzake amweredwe pa chakudya, ndipo a zilonda za m'mimba, a vuto la impso ndi amayi oyembekezera asamwe popanda kufunsa kuchipatala. Kumwa kuti ukasewere osamva kuwawa n'kudzitseka makutu thupi likukuchenjeza.

Atsikana a mpira wamanja, mvetserani apa. Mtsempha umenewu umaduka kwambiri mwa akazi kuposa amuna ochita masewero ofanana, ndipo mpira wamanja ndi wodumpha, kutera ndi kuima mwadzidzidzi. Poteza ndi pa kateredwe. Ukatera mawondo ali owongoka, kapena bondo likugwera mkati kuloza linzake, mtsempha umalandira katundu yense. Phunzirani kutera mawondo ndi chiuno zili zopinda, bondo lililonse litaloza kumene zala zakuphazi zaloza. Bungwe la FIFA lili ndi ndondomeko yotenthetsa thupi ya mphindi 20 yotchedwa 11+, ya kuthamanga pang'ono, kulimbitsa ntchafu ndi mimba, kuima ndi mwendo umodzi ndi kuphunzira kutera. Itayesedwa pa atsikana osewera mpira wamiyendo ku Norway, zotsatira zimene zinatuluka mu 2008 zinaonetsa kuti kuvulala kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Silira chipangizo chilichonse kupatula mpira ndi bwalo. Aphunzitsi amene muli ndi foni ya intaneti, ifufuzeni muone zithunzi zake. Ndipo tsiku la masewero lisanafike, timu itenge makasu ikafotsere maenje ndi kuchotsa ziputu.

(Nyimbo pang'ono)

Tibwere ku phewa. Phewa linapangidwa kuti lizizungulira mbali zonse, ndipo chifukwa cha chimenecho mutu wa fupa la mkono umakhala pa kambale kosaya kwambiri, wogwiridwa ndi minofu ndi mitsempha basi. Pa mfundo zikuluzikulu za thupi, ndilo limaguluka kawirikawiri. Goloboyi wadumpha n'kugwera pa dzanja lotambasula, kapena mtsikana wakweza mkono kutchinga mpira wina n'kuukankhira m'mbuyo: fupa latuluka, nthawi zambiri chakutsogolo. Mudzamuona atagwira mkono wovulala ndi dzanja linalo, osalola kuti wina aukhudze. Phewa limene linali lobulungira laoneka la ngodya, ndipo pansi pa nsonga yake pali kadzenje.

Pamudzi sipalephera munthu wodziwika kuti amabwezera mapewa, amene amaponda m'khwapa n'kukoka. Nthawi zina zimatheka, n'chifukwa chake anthu amamukhulupirira. Koma ndi maso okha iye sangadziwe ngati fupa langoguluka kapena lathyokanso, ndipo m'khwapa momwemo mumadutsa mitsempha ya magazi ndi imene imapatsa mkono mphamvu ndi kumva. Kukoka kolakwika kungasiye dzanja lolobodoka. Chitani izi m'malo mwake: pindani chitenje, mukoleke mkono pakhosi mmene mwini wake akumvera bwino, muike kansalu kopinda pakati pa mkono ndi nthiti. Musamupatse chakudya kapena chakumwa, chifukwa kuchipatala angafunike kumugonetsa pang'ono kuti minofu imasuke. Nyamukani tsiku lomwelo. Phewa la lero limabwerera mosavuta. La masabata atatu nthawi zambiri limafuna opaleshoni, ndipo ngakhale itachitika silibwerera mwakale.

Likabwezeredwa nkhani sinathe. Mwa achinyamata osapitirira zaka 20, oposa theka phewa limadzagulukanso, makamaka akathamangira kubwerera m'bwalo. Ena limafika pomatuluka akungovala malaya. Mkono ukhale m'chitenje kwa nthawi imene a mafupa anena, kawirikawiri sabata imodzi mpaka atatu, kenako mafizo olimbitsa minofu yozungulira phewa ndi ya kumsana kwa miyezi ingapo. Chubu chakutha cha njinga, chomangirira ku nsanamira ya khonde, chimakwanira: chigongono chili chogunda m'nthiti, kokerani dzanja kunja pang'onopang'ono, n'kubwezera. Kwa akuluakulu opitirira zaka 40 vuto limakhala lina: minofu yokweza mkono imang'ambika pamene phewa likuguluka. Ngati patatha masabata awiri kapena atatu simukutha kukweza mkono, bwererani kuchipatala.

Fupa la pakhosi lopingasa lija, lochokera pachifuwa kupita paphewa, limathyoka kawirikawiri munthu akagwera phewa, kaya pampira kaya pa kabaza. Ambiri amapola ndi chitenje chomwecho pa masabata 6 kapena kuposerapo, ana msanga kuposa apo, koma akalione kaye a mafupa. Ndipo inu abambo a kunyanja amene phewa limakuwawani usiku chifukwa cha kupalasa bwato ndi kukoka khoka, osatha kuligonera, mafizo a chubu omwewa ndi anunso.

Mawu awiri okhudza ana. Mafupa a mwana amakulira kunsonga, pafupi ndi bondo ndi phewa, ndipo malo amenewo ndi ofewa kuposa mitsempha. Chimene mwa wamkulu chikanakhala kubinya, mwa mwana chingakhale kuthyoka pamalo okulira, mwendo n'kudzakula mokhota kapena mofupika. Mwana akakana kuponda, akaonedwe. Chachiwiri ndi choopsa kwambiri. Mwana amene bondo kapena phewa lake latupa, likutentha, thupi lonse latenthanso, ndipo akulira mukangoligwedeza, musangoti anagwa ku mpira kapena ndi malungo. Angakhale mafinya m'kati mwa mfundo kapena m'fupa. Apite kuchipatala lero lomwe, ndipo mukafika onetsani bondolo, musangonena za kutentha thupi kokha.

Akomiti a matimu, ndi inu mafumu ndi ena amene mumaika zikho, ndikupempheni chinthu chimodzi. Chimene chimagoneka wovulala pakhomo masabata atatu nthawi zambiri ndi ndalama ya ulendo wa ku Liwonde. Pa ndalama zolembetsera timu ndi za pachipata, patulani kagawo kosakhudzidwa, kosungidwa ndi msungichuma, ka njinga yamoto kapena galimoto ya wovulala ndi womuperekeza. M'chikwama cha timu mukhale mabandeji awiri, zitenje ziwiri zoyera, sopo wotsukira mabala, ndi nambala ya foni ya woyendetsa amene wavomera kale kuti akaitanidwa Lamlungu madzulo abwera. Mugwirizanenso masewero asanayambe kuti amene watuluka chifukwa cha bondo kapena phewa salowanso mpaka a kuchipatala atalemba m'buku mwake kuti wachira.

Nthawi yathu yathera pomwepa. Mafunso anu apititseni kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena pa chipatala chimene muli nacho pafupi. Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakamba za akakolo ndi kuvulala m'mutu. 

(Nyimbo yotsekera)